Mfuti ya kachitseko: gogodela wosinthidwa amene anafika kwa Mwase ndi asilikali a boma

Loweruka lapitali tinali pa bawo kuseri kwa chigayo, ndipo monga mwa masiku onse nkhani inali ya fodya: mitengo ya ku Chinkhoma, ngongole ya feteleza, matenanti amene akudikirabe malipiro awo. Kenaka mkulu wina amene akugumula nyumba yakale ya malemu agogo ake anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi. Akuti posasula denga anapeza chinthu chachitali chokulungidwa m'chikopa chouma, chitasomekedwa pakati pa phaso ndi udzu. Atamasula anapeza kuti ndi mfuti, yadzimbiri, thabwa lake litadyedwa ndi chiswe mbali imodzi.

"Ameneyu ndi gogodela basi," anatero wina osayang'anitsitsa n'komwe.

"Gogodela wake uti wokhala ndi chitseko kumbuyo?" anafunsa mnzake.

Zoonadi, chakumbuyo kwa mpope, pafupi ndi pamene pamagwera kanyundo, panali kachitsulo kooneka ngati chivindikiro cha bokosi, kotsegukira kumanja. Mkangano unakula mpaka bawo inaima. Chimene chinandidetsa nkhawa ine n'chakuti mwini wakeyo anati anyamata ogula zitsulo zakale anamuuza kale kuti apite nayo akaiike pa sikelo. Pa sikelo, abale anga, ngati khasu lothyoka!

Ndiye ndati ndilembeko za mfuti imeneyi. Onse awiri aja anali ndi mbali yoona. Mfuti yotere inabadwa ili gogodela ndithu, koma pambuyo pake anaidula kumbuyo n'kuiika chitseko. Dzina lake ndi Snider-Enfield, ndipo mbiri yake ikukhudza dera lathu lino la Mwase kuposa mmene ambirife timaganizira.

Tiyambe ndi gogodela amene timamudziwa

Dzina lakuti gogodela likufotokoza lokha ntchito yake. Zonse zimalowera kukamwa kwa mpope. Umathira onga, n'kuika chipolopolo, kenaka n'kutenga ndodo yachitsulo kugogodera mpaka zonse zitakhazikika pansi. Ukatero umakoka kanyundo, n'kuika kapu kakang'ono koyatsira pa kamlomo ka pambali. Mfuti zakale kuposa pamenepo zinalibe kapu, zinkayatsa ndi mwala umene unkathetheka pa chitsulo.

Asilikali a ku Britain nawonso ankagwiritsa ntchito gogodela, kungoti wawo anali wapamwamba. Mu 1853 anayamba kugwiritsa ntchito mfuti yotchedwa Enfield, dzina lochokera ku malo a kumpoto kwa London kumene kunali fakitale ya boma yopanga mfuti. M'kati mwa mpope wake munali mizere itatu yopotoka, imene inkachititsa kuti chipolopolo chizituluka chikuzungulira, motero chinkapita kutali ndiponso molunjika. Bowo la mpope linali lalikulu mainchi 0.577, kapena kuti pafupifupi mamilimita 15. Chala chaching'ono chikhoza kulowamo.

Onga ndi chipolopolo ankazikulunga pamodzi m'kapepala kopaka mafuta, ndipo msilikali ankang'amba kapepalako ndi mano. Kapepala kameneka n'kamene kanathandiza kuyatsa moto ku India mu 1857, pamene mbiri inafala pakati pa asilikali achihindu ndi achisilamu kuti mafutawo anali a ng'ombe ndi a nkhumba. Asilikali ambiri anaukira boma la azungu, ndipo nkhondo yake inapha anthu osawerengeka.

Ngakhale Enfield inali mfuti yabwino, mavuto a gogodela inali nawo onse. Msilikali wozolowera ankatha kuwombera katatu pa mphindi imodzi. Kuti agogodere bwino ankayenera kuimirira, mfuti itaima chilili patsogolo pake, pamene adani akumuona thupi lonse. Mvula ikagwa onga unkanyowa. Mwaye wa onga unkadzaza mu mpope, moti ukawombera kangapo chipolopolo chinkayamba kuvuta kutsika. Ndiponso nkhondo ikafika povuta, munthu wamantha ankatha kuthira kawiri kapena katatu osazindikira kuti koyamba kaja sikanalire.

Chimene chinawaopsa azungu okhaokha

M'zaka za m'ma 1860 maboma a ku Ulaya anadzidzimuka. Asilikali a ku Prussia, dziko limene pambuyo pake linatsogolera kupanga Germany, anali ndi mfuti ya Dreyse, yolowetsera chipolopolo kumbuyo. Mu 1864 anagonjetsa Denmark. Pa 3 Julayi 1866 anaphwanya asilikali a Austria pa nkhondo ya ku Königgrätz. Asilikali a Austria ankaimirira kugogodera, pamene a Prussia ankatha kudzaza mfuti atagwada kapena atagona pansi, n'kumawombera mowirikiza.

Apa boma lililonse linaona kuti gogodela watha ntchito. Koma vuto linali lakuti m'nyumba zosungiramo zida munali mfuti za gogodela zikwi mazanamazana, zambiri zatsopano, zogulidwa ndi ndalama za msonkho. Kuzitaya zonse kukanakhala kuwononga chuma, ndipo kupanga zatsopano kukanatenga zaka pamene mdani ali pakhomo.

Mlimi aliyense wa kuno akumvetsa nkhani imeneyi. Ngolo ikakhala kuti bokosi lake ndi lolimba, goli lili bwino, koma mateyala ndiwo atha, sugula ngolo ina. Umapita kwa wowotcherera kuti akuikire ekiselo ndi mateyala a galimoto yakale, ngolo n'kuyambanso kututa fodya. Ndi zimene anachita maboma aja. Anafuna njira yosunga mpope, thabwa ndi kanyundo, n'kusintha kumbuyo kokha.

Mu 1864 boma la Britain linaitana anthu aluso kuti abweretse nzeru zawo, ndipo atayesa njira zosiyanasiyana anasankha ya Jacob Snider wa ku America. Anaivomereza mu 1866. Chomvetsa chisoni n'chakuti Snider mwini wake anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho ku London, ali wodwala ndiponso wosauka, akulimbanabe ndi boma pa nkhani ya malipiro ake. Walima ndi wina, wadya ndi wina. Alimi a fodya sitikufunika kuuzidwa kuti zimenezi zimawawa bwanji.

Ankaisintha bwanji?

Amisiri ankadula kachigawo ka kumbuyo kwa mpope, pafupifupi mainchi awiri ndi theka, n'kumangirirapo chitsulo china chooneka ngati kamgwazo kotseguka pamwamba. M'kamgwazomo ankaikamo kachitseko kolemera, kokhala ndi hinje kudzanja lamanja. M'kati mwa kachitsekomo munadutsa kamsomali kopendekeka. Kanyundo kakale kaja, kamene poyamba kankamenya kapu, tsopano kankamenya kamsomaliko, ndipo kamsomaliko kankabaya kumbuyo kwa chipolopolo.

Chipolopolo nachonso chinali chatsopano, ndipo ichi n'chimene chinapangitsa kuti zonse zitheke. Anachikonza ndi Colonel Edward Boxer wa ku fakitale ya zida ya ku Woolwich. Onga, mtovu ndi kapu zonse zinali m'kachibotolo kamodzi kopangidwa ndi mkuwa wopyapyala wokulungiza, kapu ili pakatikati kumbuyo. Mfuti ikalira, mkuwawo unkafufuma n'kutseka mpata, kuti moto usabwerere kumaso kwa wowombera. Njira ya Boxer yoikira kapu ikugwiritsidwabe ntchito m'zipolopolo zambiri mpaka lero.

Msilikali tsopano ankangokoka kanyundo, kutsegula chitseko, kukankhiramo chipolopolo, kutseka, n'kuwombera. Akatha ankatsegulanso, kukokera chitseko m'mbuyo kuti chisolole kachibotolo kopsa kaja, kenaka n'kutembenuza mfuti kuti kagwe pansi. Pa mphindi imodzi ankatha kuwombera ka 10, m'malo mwa katatu. Ankatha kuchita zonsezi atagona kuseri kwa chulu. Mvula sinalinso vuto lalikulu. Ndipo kusintha mfuti imodzi kunkadya pafupifupi paundi imodzi yokha, mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kupanga yatsopano.

Mfuti za Enfield zoti n'kusintha zitatha, anayamba kupanga za Snider zatsopano kuchokera pachiyambi, zokhala ndi mpope wolimba kwambiri komanso kaloko kotsekera chitseko. Zimenezi amazitcha Mark III.

Maiko ena anachitanso chimodzimodzi, aliyense ndi kachitseko kake. Ku France anaitcha Tabatière, dzina lotanthauza kabokosi kosungiramo fodya wanunsu, chifukwa chitseko chake chinkatseguka ngati kabokosi kotero. Ku America, Erskine Allin wa ku fakitale ya Springfield anapanga chitseko chotsegukira m'mwamba ndi kutsogolo. Ku Austria, atapwetekedwa mu 1866, anasintha mfuti zawo za Lorenz kukhala za Wänzl. Ku Russia kunali Krnka. Zonsezi zinali zongogwirizira podikira mfuti zenizeni zatsopano, ndipo zitalowedwa m'malo zinafunika kopita. Zambiri zinathera ku Africa ndi ku Asia.

Ku Africa kuno ndi kumenenso Snider inalawa nkhondo yake yoyamba yaikulu. Pa 10 Epulo 1868, pa chigwa cha Arogye ku Ethiopia, ankhondo a mfumu Tewodros anathamangira asilikali a Robert Napier ndi mikondo komanso mfuti zachikale, ndipo anagwa mazanamazana. Patapita masiku atatu linga la Magdala linagwa, ndipo Tewodros anadziwombera yekha kukana kugwidwa. Musaiwale mathero amenewa, chifukwa tikumana nawonso pafupi pompano.

Inafika bwanji kuno kwathu?

Mu 1871 Britain inasankha mfuti ina, Martini-Henry, ndipo asilikali achizungu pang'onopang'ono anasiya Snider. Mfuti zosiyidwazo anazipereka kwa asilikali a ku India ndi apolisi a m'maiko olamulidwa ndi Britain. Ichi sichinali changozi. Kuyambira pa kuukira kwa 1857 kuja, azungu ankaonetsetsa kuti msilikali wachimwenye azikhala ndi mfuti yotsalira m'mbuyo poyerekeza ndi ya mzungu.

Mu 1891 dziko lathu linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo Harry Johnston ndiye anatumizidwa kudzalilamulira. Analibe ndalama zambiri. Anatenga asilikali pafupifupi 70 kuchokera ku India, ambiri a iwo Asikh, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Pambuyo pake anawonjezera Asikh ena, Amakua ochokera ku Mozambique, komanso Atonga a m'mbali mwa nyanja. Mfuti ya gulu limeneli m'zaka zoyambirirazo inali Snider. Kwa azungu a ku Ulaya inali mfuti yotha kale ntchito. Kuno inali yokwanira kulanda dziko.

Panalinso china chimene chinakulitsa mpata. Pa 2 Julayi 1890 maiko a ku Ulaya ndi ena anasaina pangano ku Brussels lakuti athetse malonda a akapolo. M'panganomo anagwirizananso kuti m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo kuno, anthu akuda asamagulitsidwe mfuti zamakono zolowetsera kumbuyo. Zimene zinaloledwa pa malonda zinali mfuti zamwala zopanda mizere ndi onga wamba. Inde, amalonda ena ankazembetsabe mfuti zabwino, koma mfuti ya chitseko popanda zipolopolo zake ndi ndodo chabe, ndipo zipolopolozo sizinkapangika m'mudzi. Mwini gogodela ankatha kusula yekha zipolopolo kuchokera ku zidutswa za chitsulo. Mwini Snider ankadalira sitima yochokera kunja.

Kasungu ndi mfuti: kuchokera kwa Nawambe kufika 1895

Tisaganize kuti makolo athu anayamba kuona mfuti azungu atabwera. Ufumu wa Mwase unali pa njira yaikulu ya malonda yochokera ku chigwa cha Luangwa kupita ku Nkhotakota, kumene a Jumbe anakhazikika kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Minyanga ya njovu inkatsikira kunyanja, nsalu, mikanda, mfuti ndi onga n'kumakwera kuno. Tisabise, m'njira yomweyo munkadutsanso anthu ogwidwa ukapolo, ndipo mafumu amene anali pa njirayi, kuphatikizapo a kuno, anapindula nawo malondawo. David Livingstone anafika pa mudzi wa Mwase mu Sepitembala 1863 akuchokera ku Nkhotakota.

Mfuti za gogodela zimenezi n'zimene zinapulumutsa Achewa a ku Kasungu pa nthawi imene madera ambiri ankathawa Angoni. Akuluakulu amasimba kuti gulu la Angoni lotsogozedwa ndi Nawambe linagonjetsedwa kuno, ndipo dzina la phiri la Nguru ya Nawambe, kumene Kamuzu anadzamangako nyumba yake, limakumbutsa nkhondo imeneyo. Munthu wa mkondo ndi chishango ayenera kufika pafupi kuti akubaye. Amene ali kuseri kwa linga ndi gogodela ali ndi nthawi yogogodera. Motero kwa zaka pafupifupi 30 Mwase anali mfumu yoopedwa, yosagwadira Angoni kapena a Jumbe.

Chaka cha 1895 chinali chaka chimene Johnston anaganiza zothana ndi mafumu onse amene ankakana ulamuliro wake. Kummwera anamenya Kawinga, Matipwiri, Jalasi ndi Makanjira. Kumayambiriro kwa Disembala linga la Mlozi ku Karonga linagwa, ndipo Mlozi anapachikidwa. Kenaka maso anatembenukira kuno. Mwase anali atakana kugonjera boma, ndiponso ankasunga Saidi Mwazungu, munthu amene boma linkamufuna pa mlandu wa kuphedwa kwa anzake a Maguire kwa Makanjira mu Disembala 1891.

Kumapeto kwa Disembala 1895 gulu la nkhondo linanyamuka ku Nkhotakota. Lieutenant Edward Alston ankatsogolera Asikh ndi asilikali achikuda a boma, ndipo Alfred Swann, amene anali woimira boma ku Nkhotakota, anabwera ndi khamu lalikulu la amuna a kunyanjako. Mudzi wa Mwase unagwa. Mfumu inasankha kudzipha yokha kusiyana n'kuti imangidwe ndi azungu, monga mmene anachitira Tewodros zaka 27 m'mbuyomo. Boma linamanga linga lake n'kulitcha Fort Alston, ndipo apa ndi pamene panayambira boma la Kasungu limene timapitako lero kukadula ziphaso.

Tangowerengani nokha. Asilikali 100 okhala ndi Snider, aliyense kuwombera ka 10 pa mphindi, ndiye kuti zipolopolo 1,000 pa mphindi imodzi. Kuti afanane nawo, a gogodela anayenera kukhala oposa 300, onse ozolowera, onse ndi onga wouma, onse ataimirira poyera. Paja Disembala kuno ndi mwezi wa mvula. Komanso mfuti zambiri zamalonda zinalibe mizere, moti kupitirira mayadi 100 chipolopolo chinkapita kumene chafuna, pamene Snider inkatha kulasa munthu pa mtunda wotalika kangapo kuposa pamenepo.

Komabe tisaike zonse pa mfuti. Asilikali a boma anali ophunzitsidwa kuwombera pamodzi pomvera lamulo limodzi, anali ndi mabokosi a zipolopolo onyamulidwa ndi amtengatenga, ndipo koposa zonse anali ndi anthu akuda anzathu ambirimbiri kumbali yawo. Azungu enieni pa nkhondo imeneyo anali ochepa zedi. Amene anagwira Snider anali Asikh ndi Aafirika. Gulu lomwelo ndi limene mu 1896 linatchedwa British Central Africa Rifles, ndipo mu 1902 linalowa mu King's African Rifles, KAR imene agogo athu ambiri anamenyera nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Pambuyo pa mfuti panabwera msonkho wa nyumba, ndipo pambuyo pa msonkho anyamata anayamba ulendo wa ku Halale ndi ku Joni kukasaka ndalama.

Mungaizindikire bwanji?

Ngati kwanu kuli mfuti yakale yosiyidwa ndi makolo, nazi zoti muyang'ane, ndi maso okha, osaigwiragwira.

Choyamba, onani kumbuyo kwa mpope. Gogodela weniweni ndi wotsekeka kumbuyo, ali ndi kamlomo kokha ka kapu kapena kambale ka onga pambali. Snider ili ndi chitseko chachitsulo chokhala ndi hinje kumanja ndi kogwirira kumanzere.

Chachiwiri, onani chitsulo chafulati cha pambali pamene pamangiriridwa kanyundo. Pa mfuti za boma la Britain pamakhala chisoti chachifumu ndi zilembo V.R., zoimira Mfumukazi Victoria, komanso mawu akuti Enfield kapena Tower ndi chaka. Zina zili ndi zilembo za makampani monga B.S.A. ya ku Birmingham. Apa pali chinthu chosangalatsa. Mukapeza chaka chonga 1859 kapena 1862 pa mfuti ya chitseko, ndiye kuti mwagwira umboni weniweni wakuti inasinthidwa, chifukwa m'zaka zimenezo Snider inali isanavomerezedwe. Chakacho ndi cha gogodela woyamba uja.

Chachitatu, kachizindikiro kooneka ngati mutu wa muvi kapena phazi la nkhuku kamasonyeza kuti mfutiyo inali katundu wa boma. Ndodo yachitsulo ya pansi pa mpope isakusokonezeni. Snider nayonso inali nayo, koma ntchito yake inali yotsukira mpope ndi kugwetsera kachibotolo kakakamira.

Mfuti yotere kupezeka m'denga la kuno sizikutanthauza kuti inamenya nawo nkhondo ya 1895. Ikhoza kukhala kuti inabwera ndi msilikali wopuma, mlenje, wamalonda, kapena wina wochokera ku Zambia kapena ku Mozambique. Chimene chingathandize kudziwa ndi zilembo zimene zili pa mfutiyo pamodzi ndi zimene akuluakulu a pabanjapo akukumbukira. N'chifukwa chake muwafunse adakali moyo.

Mukaipeza muchite chiyani?

Apa ndiye pagona nkhani. Chinthu choyamba, muitenge ngati yodzaza. Alenje akale ambiri ankasunga gogodela ali ndi onga kale m'kati, ndipo onga wakuda ukakhala pouma umatha kuyaka ngakhale patapita zaka zambirimbiri. Musasuzumire mu mpope, musalole ana kuseweretsa, musaiike pamoto kuti dzimbiri lichoke, ndipo musapite nayo kwa wowotcherera. Wogula zitsulo amene angaidule ndi makina akhoza kupweteka yekha ndi ena oimirira pafupi.

Chachiwiri, musayese kuiwombera. Chitsulo chimene chakhala zaka zoposa 150 chikudyedwa ndi dzimbiri sichingapirire, makamaka ndi onga wa m'zipolopolo zamakono umene mphamvu yake ndi yoposa kwambiri wa kale. Mpope ukaphulika, zala ndi maso zimapita. Ndikudziwa kuti kwa anzathu okhala m'malire a paki mayesero alipo. Chifikireni njovu 263 zimene anazisamutsa kuchokera ku Liwonde kubwera ku Kasungu National Park mu 2022, madandaulo a minda yowonongedwa ndi miyoyo yotayika akhala akumveka, ndipo munthu akhoza kuganiza zotsitsa mfuti ya agogo kuti aziwopsezera. Koma lamulo la nyama zakutchire, chisinthireni mu 2017, limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kundende pa milandu ya nyama zotetezedwa ngati njovu. Njovu yovulazidwa ndi gogodela imakhalanso yolusa kuposa kale, ndipo amene amakumana nayo mawa lake ndi mayi wopita kudimba.

Chachitatu, lamulo la mfuti, Firearms Act, limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chilolezo. Musadzinamize kuti poti ndi yakale ndiye apolisi adzaimvera chisoni. Njira yabwino ndi kudziwitsa a nyakwawa kapena a gulupu, kenaka mupite limodzi kupolisi kukanena, mfutiyo mutaisiya pamalo otetezeka, kuti iwo akuuzeni mmene ingayendere. Kuyenda nayo pa kabaza mutaikulunga m'thumba la feteleza ndi kudziitanira mlandu.

Chachinayi, musanaipereke ijambuleni mbali zonse, makamaka zilembo ndi chaka, ndipo mulembe dzina la amene ankaisunga ndi kumene anaitenga. Pemphani kuti a Dipatimenti ya Museums and Monuments adziwitsidwe, kuti isangowonongedwa pamodzi ndi mfuti zolandidwa kwa akuba. Musaikwechese ndi sandipepa kapena kuipaka penti, chifukwa mukatero mwafufuta zilembo zimene zikanatiuza kumene inachokera. Ndipo wina akabwera ndi ndalama kuti akufuna kupita nayo kunja, dziwani kuti lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kutulutsa zinthu zakale m'dziko muno popanda chilolezo.

Pempho langa kwa akuluakulu

Ana athu amaphunzira m'kalasi kuti Mwase Kasungu anakana azungu, amaloweza chaka, n'kulemba mayeso, basi. Mwana yemweyo atati aone gogodela ndi Snider zitagonekedwa pa tebulo limodzi, wina n'kumusonyeza mmene iliyonse inkadzazidwira, akhoza kumvetsa mu mphindi zisanu chimene chinachitika kuno mu Disembala 1895. Ku Chichiri mu Blantyre kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, ku Karonga ili, ku Mangochi ili. Ife amene tili ndi phiri la Kasungu, Nguru ya Nawambe ndi malo a Fort Alston tikhoza kuyamba ndi chipinda chimodzi chokha. Khonsolo, mafumu athu, apolisi ndi aphunzitsi a mbiri atakhala pansi, sichinthu chofuna ndalama zochuluka. Chofunika n'chakuti zinthuzo zisathere pa sikelo tisanayambe.

Mkulu uja ndinamupezanso Lachiwiri pa sitolo. Akuti wakauza a nyakwawa, ndipo agwirizana kuti apite limodzi kupolisi sabata ino. Mfutiyo waitsekera m'chipinda chimene ana salowamo. Akutinso azakhali ake, amene ali ndi zaka zoposa 80, atamva za nkhaniyi anangoti, "Mwaipeza eti? Bwerani ndikuuzeni mwini wake." Ndamuuza kuti popita kumeneko atenge kope ndi cholembera, ndipo akandilola, zimene azakhaliwo anene ndidzakubweretserani pompano. Nanunso ngati agogo anu anakusimbirani za nkhondo ya kwa Mwase kapena za mfuti zakale za m'mudzi mwanu, tiuzeni.